Kumvera Mulungu Mawondo Akunjenjemera

Phunziro la magulu a amayi
Tiwerenge limodzi: Marko 4:35-41 ndi Yohane 20:24-29

 Phunziro la ulendo uno labadwa pa funso limene mayi wina wa m'gulu lathu anatifunsa. Atilola kuti tilifotokoze pano, koma dzina lawo sititchula.

Munali mu Novembala chaka cha 2018. Wailesi inalengeza kuti asilikali 6 a Malawi aphedwa ku Beni m'dziko la Congo, kumene anapita kukasungitsa mtendere. Kuno ku Mvera kuli baraki ya asilikali, choncho uthenga wotere umalowa m'nyumba zambiri. Mayi amene tikunenawa mwana wawo wamwamuna anali komweko ku Congo. Dzina lake silinali pa mndandanda wa omwalira, koma kuyambira tsiku limenelo tulo tinawathawa. Foni ikalira usiku, m'mimba munkatentha.

Patapita masabata atatu osawaona pa msonkhano, tinapita kwawo. Tinawapeza m'munda akubzala chimanga. Titakhala pa mphasa, anati: "Amayi, yunifomu ija ndinaipinda n'kuika m'sutikesi. Ndingaivale bwanji ine wamantha chonchi? Ndimapemphera, koma ndikangomaliza mtima umayambanso kugunda. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati Mulungu akumva n'komwe. Kodi munthu wotere ndi Mkhristu?"

Tikudziwa kuti funso limeneli si lawo okha. Ambiri a ife timalisenza kupita nalo ku Misa n'kubwerera nalo kunyumba. Wina akuopa zotsatira za ku chipatala, wina njala, wina banja limene likugwedera, wina mwana amene ali ku Joni ndipo sakuimbanso foni. Yankho limene tikufuna tiphunzire limodzi ndi ili: chikhulupiriro cholimba si mtima umene sugunda. Ndi mtima umene umagunda koma umadziwa kothawira, ndipo umachitabe chimene Mulungu waulamula.

M'ngalawa muja munali asodzi

Tiyambe ndi Marko 4. Amene anauza ophunzira kuti awoloke nyanja madzulo aja anali Yesu mwini. Namondwe sanawapeze akuthawa Mulungu ngati Yona, anawapeza akumvera. Tisaiwale mfundo imeneyi, chifukwa kawirikawiri mavuto akatigwera timayamba kufunafuna tchimo limene tachita.

Tikumbukirenso kuti Petro, Andreya, Yakobo ndi Yohane anali asodzi. Nyanja ankaidziwa kuyambira ubwana. Ife amene tinatsikapo ku Salima kapena ku Senga Bay nthawi ya mwera tinaona kuti msodzi weniweni sachita masewera ndi mphepo. Asodzi akachita mantha, ndiye kuti ngozi ilipodi. Mantha a ophunzira sanali achibwana ayi. Madzi ankalowadi m'ngalawa.

Taonani chimene anachita. Anapita kumbuyo kwa ngalawa n'kumudzutsa Yesu. Mawu awo sanali pemphero lokonzedwa bwino. Anali mawu a anthu okhumudwa, omuganizira kuti sakusamala za imfa yawo. Komabe anawalankhula kwa Iye, osati kwa wina.

Ndipo Yesu anayamba ndi chiyani? Anayamba waletsa mphepo, pambuyo pake ndi pamene anawafunsa za mantha ndi za chikhulupiriro chawo. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino dongosolo limeneli timalidziwa. Munthu akabwera akutaya magazi, timayamba taletsa magaziwo, mafunso amadza pambuyo. Yesu anawadzudzula inde, koma sanawatsitse m'ngalawa. Chimene chinawapulumutsa si kulimba mtima kwawo, chifukwa kunalibe. Chinawapulumutsa ndi Amene anali nawo m'ngalawamo.

Namondwe saleka nthawi zonse

Pano tiyenera kunena chilungamo, pakuti phunziro lobisa choonadi limagwetsa anthu tsiku la mavuto. Si nthawi zonse pamene mphepo imaleka monga tapemphera.

Tikaima pa zitunda za kuno kunja kutayera, timaona nyanja cha ku Salima. Pa madzi amenewo, pa 2 Seputembala 1895, ngalawa imene munakwera Bishopu Chauncy Maples inagubuduzika ndi namondwe. Bishopuyo anali atangodzozedwa kumene ku London mu Juni chaka chomwecho, ndipo anali pa ulendo wokayamba ntchito yake ku Likoma. Anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Manda a Bishopu Maples ali ku Nkhotakota, pa tchalitchi cha All Saints. Kodi tinganene kuti iyeyu analibe chikhulupiriro? Ayi ndithu.

Akhristu a nthawi imeneyo analira, ndipo sitikayika kuti ena anadzifunsa funso lomwe lija la mnzathu. Koma ntchito sinamire ndi ngalawa. Ku Nkhotakota komweko mpingo unakula. Leonard Kamungu, mwana wa ku Chia, anadzozedwa unsembe mu 1909, ndipo pambuyo pake anasiya kwawo n'kupita ku Msoro, m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Uthenga unakwera mapiri mpaka ku Kayoyo ku Ntchisi, n'kufika kwa makolo athu.

Pano pa Mvera napo pali mbiri yofanana, ngakhale ndi ya mpingo wa abale athu. Pa 28 Novembala 1889 Andrew Charles Murray ndi Theunis Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anamanga msasa pano, m'dziko la Inkosi Chiwere, nthawi imene nkhondo ndi malonda a akapolo zinali zisanathe m'dera lino. Kuchokera pa msasa umenewo panatuluka mpingo umene lero ndi Sinodi ya Nkhoma, kumene kuli alongo athu a Chigwirizano. Dzina la malo ano limatiphunzitsa tsiku ndi tsiku: mvera. Silinena kuti yamba wasiya kuopa. Limangoti mvera.

Choncho kulimba kwathu sikuchokera pa lonjezo lakuti sitidzadwala kapena sitidzaika maliro. Lonjezo lotere Mulungu sanatipatse. Chimene Paulo akutitsimikizira kumapeto kwa Aroma 8 ndi chakuti ngakhale imfa ilibe mphamvu yotichotsa m'chikondi cha Mulungu. Pamenepo ndi pamene tiyenera kupondapo.

Tomasi sanachoke pakati pa anzake

Tsopano tione za kukayika. Tomasi timamunyoza kwambiri, mpaka dzina lake linasanduka chitonzo. Koma tikawerenga Yohane 11:16 tipeza kuti ndi iyeyo amene analimbikitsa anzake kuti atsagane ndi Yesu ku Yudeya ngakhale kukafa kumene. Sanali munthu wopepera. Anali munthu amene mtanda unamusweratu mtima, ndipo sanafune kunamizidwa.

Tomasi anachita zinthu ziwiri zimene tiyenera kutengerapo. Choyamba, ananena poyera kuti sakukhulupirira. Sanagwedeze mutu n'kumaimba nawo chabe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chachiwiri, sanachoke. Patapita sabata, anali m'nyumba momwemo pamodzi ndi anzake. Nawonso anzakewo sanamuthamangitse. Taganizani, sabata yathunthu kukhala ndi munthu amene akutsutsa umboni wanu, koma n'kumadya naye m'mbale imodzi!

Yesu atabwera, anapita kwa Tomasi ndi mabala ake. Ndipo pakamwa pa wokayika yemwe uja panatuluka umboni waukulu kuposa wina uliwonse m'buku la Yohane, pamene anamutcha Yesu Ambuye wake ndi Mulungu wake. Taonaninso kanthu kena pa vesi 26: zitseko zinali zotsekabe. Ngakhale aja anali atamuona kale Yesu wouka kwa akufa anali asanatsegule khomo. Yesu analowa zitseko zili chitsekere.

Tomasi sali yekha. Yohane Mbatizi ali m'ndende anatuma ophunzira ake kukafunsa ngati Yesu analidi Iye amene ankamuyembekezera, ndipo Yesu anamuyankha ndi ntchito zake n'kumuyamikira pamaso pa anthu. Pa Marko 9, bambo wa mwana wodwala uja anavomera kuti m'mtima mwake muli kukhulupirira ndi kusakhulupirira pamodzi, napempha thandizo. Mwana wake anachira. Mulungu sanyansidwa ndi funso loona. Chimene chimatiwononga ndi funso limene talikwirira.

Zimene tinaona m'chipatala

Mutilole tilankhule monga anamwino opuma. Munthu akaona ngozi, mtima umathamanga, thukuta limatuluka, m'kamwa mumauma, miyendo imanjenjemera. Thupi limachita zimenezi lokha kuti likonzekere kuthawa kapena kudziteteza. Ndi Mulungu amene analipanga choncho, monga anaikanso ululu kuti tichotse dzanja pa moto. Luka, amene anali sing'anga, ndiye analemba kuti m'munda muja usiku wa kuperekedwa kwake, Yesu anavutika mpaka thukuta lake linagwa ngati madontho a magazi. Ngati Mwana wa Mulungu wopanda tchimo anadutsa pamenepo, kugunda kwa mtima pakokha sikungakhale tchimo.

Zaka zonse zimene tinagwira ntchito, mantha onenedwa sanatiphere wodwala. Amene anatiphera anthu ambiri ndi mantha obisika.

M'zaka za m'ma 1990 mawodi anadzaza ndi odwala Edzi, ena atagona pansi pa mabedi a anzawo. Mankhwala tinalibe. Ifenso tinkaopa, ndipo masiku ena tinkapita ku ntchito tikumufunsa Mulungu kuti ali kuti. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere m'zipatala, ndipo tinaona ndi maso athu anthu amene tinawataya kale mtima akudzuka n'kubwerera kumunda. Kuyambira mu 2011 mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo anayamba kupatsidwa mankhwala a moyo wake wonse, ndipo ana ambiri anabadwa opanda kachilombo. Koma ngakhale thandizo linafika, tinaikabe amayi ena m'manda chifukwa anaopa kuyezetsa. Ena ankati, "Ndikakayezetsa ndiye kuti ndikukayikira Mulungu." Ena anauzidwa ndi olalikira ena kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, ndipo patapita miyezi anabwera atanyamulidwa pa machira. Amayi anzathu, chimenecho si chikhulupiriro. Ndi mantha atavala chovala cha ku tchalitchi.

Lero tikuonanso zomwezo pa khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutenga amayi ambiri m'dziko lathu. Mayi amaona magazi pamene anasiya kale kusamba, kapena akakhala malo amodzi ndi abambo, kapena amaona zotuluka zonunkha, koma amangoti zii chaka chathunthu. Komatu kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa, ndipo vuto likapezeka msanga limachizika. Kuyambira mu 2019 kulinso katemera woteteza atsikana ku kachilombo koyambitsa khansayi. Kupita kukayezetsa mawondo akunjenjemera ndi kumvera Mulungu amene anatipatsa thupi kuti tilisamale.

Ku sikelo ya ana nakonso tinaona zambiri. Mayi wavala mtanda m'khosi, koma tikamuvula mwana kuti timuyeze, tipeza kachithumwa m'chiuno. Poyamba tinkakalipa. Pambuyo pake tinazindikira kuti ambiri mwa amayiwa anali ataikapo kale mwana m'manda, ndipo analibe woti amuuze mantha awo. Ku tchalitchi ankaopa kuwanena osakhulupirira, ndiye anapita nawo kwa amene sakanawaseka. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati gulu lathu likhala malo oonetsera kulimba kokhakokha, anzathu adzapita ndi mantha awo kwina, ndipo kumeneko n'kumene kumayambira kuloza agogo okalamba kuti ndi mfiti.

Tiwonjezepo chenjezo limodzi. Ngati nkhawa yakhala masabata ambiri, munthu sakugona, sakudya, sakutha kugwira ntchito, kapena wayamba kuganiza zodzichotsera moyo, ameneyo wadwala. Timupempherere, komanso timuperekeze ku chipatala tsiku lomwelo. Matenda a maganizo ali ndi thandizo monga malungo ndi BP.

Mayi amene anayambitsa gulu lathu

Mwina ena sitidziwa kuti Mothers' Union inayamba ndi mayi amene mawu anamuthawa. Mu 1876 Mary Sumner, mkazi wa wansembe wa parishi ya Old Alresford ku England, anaitana amayi a m'parishimo kunyumba kwake kuti akambirane za kulera ana m'Chikhristu. Amayi atafika, mantha anamugwira kotero kuti sanathe kulankhula, ndipo mwamuna wake George ndiye analankhula m'malo mwake. Mayi wina akanati basi, Mulungu sanandiitane. Koma iye anawaitananso patapita sabata, ndipo ulendo uno analankhula yekha. Mu 1885 anapemphedwa mwadzidzidzi kulankhula pa msonkhano waukulu wa mpingo ku Portsmouth, ndipo ngakhale ankaopa, anaimirira. Kuchokera pamenepo gulu linafalikira, ndipo lero lili ndi amayi oposa 4 miliyoni m'maiko oposa 80. Tikamamukumbukira pa 9 Ogasiti, tizikumbukira kuti yunifomu yathu siinasokedwere amayi opanda mantha. Inasokedwera amayi amene amabweranso sabata yotsatira.

Nanga tichite chiyani?

Choyamba, titchule dzina la chimene tikuopa. M'chipatala sitipereka mankhwala tisanadziwe matenda. M'malo mongoti "Ambuye ndithandizeni," tinene mosabisa kuti, "Ndikuopa kuti chotupa ichi ndi khansa," kapena "Ndikuopa kuti ufa sufika Febuluwale." Masalimo ambiri a Davide ndi mapemphero a mtundu umenewu.

Chachiwiri, tiuze mnzathu mmodzi wokhulupirika. Mutu umodzi susenza denga. Koma apa pali udindo waukulu kwa womvera. Namwino amene waulula za wodwala angathe kuchotsedwa ntchito. Ifenso tisatenge chinsinsi cha mnzathu n'kuchifalitsa pa chitsime kapena pa chigayo podzikhululukira kuti tikupempha mapemphero. Mayi akaululiridwa kamodzi, sadzatsegulanso pakamwa.

Chachitatu, tichite chinthu chimodzi chimene chili patsogolo pathu lero. Ngati ndi kukayezetsa, tipite. Ngati ndi kumwa mankhwala, timwe. Ngati ndi kubzala pamene mvula ya chaka chatha inatikhumudwitsa, tibzale. Tisadikire kuti mantha ayambe atha, chifukwa nthawi zambiri amachepa tili kale pa njira.

Chachinayi, tisadzichotse pa gome la Ambuye chifukwa cha kukayika. Munthu sasiya kudya chifukwa wafooka. Amadya kuti apeze mphamvu. Tsiku limene pemphero lakanika, tikhale pakati pa anzathu ngati Tomasi, ndipo mapemphero a mpingo atinyamule.

Chachisanu, tizikumbutsana zimene Mulungu anatichitira. Ambiri a ife tinadutsa njala ya 2002, pamene anthu ankadya gaga ndi mizu ya nthochi. Tinadutsa zaka za maliro a Edzi, tinadutsa Covid mu 2020 ndi 2021, komanso kolera ya 2022 ndi 2023. Tinataya okondedwa athu, ndipo zipsera zilipo. Koma tili pano, tikupemphera. Adzukulu athu ayenera kumva mbiri imeneyi kuchokera kwa ife.

Za mnzathu uja

Tsiku lija pa mphasa sitinawalonjeze mayi aja kuti mwana wawo abwera wamoyo, chifukwa sitinkadziwa. Tinawauza kuti nafenso tinakhalapo usiku wotere. Tinawerenga nawo nkhani ya ngalawa ija, kenaka tinawathandiza kumaliza mizere imene inatsala m'munda. Amayi awiri a m'gulu anadzipereka kumapita kwawo madzulo mosinthana kukapemphera nawo. Tinawaperekezanso kukayezetsa BP, ndipo inapezeka yokwera, nayamba kumwa mankhwala.

Sabata yotsatira anabwera ku msonkhano atavala yunifomu, makwinya a m'sutikesi akuonekabe. Mantha anali asanathe. Anatiuza okha kuti foni ikalira amadzidzimukabe, koma tsopano amayamba atchula dzina la Yesu asanaiyankhe. Mwana wawo anabwerako patapita miyezi. Amayi ena m'dziko muno ana awo sanabwereko, ndipo Mulungu wa mnzathuyu ndi Mulungu wawonso. Lero mayiwa ndi amene amakhala oyamba kufika pa khomo la mayi aliyense amene mwana kapena mwamuna wake watumizidwa kutali.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Pa Marko 4, n'chiyani chimene ophunzira analakwitsa, ndipo n'chiyani chimene anachita bwino?
2. Anzake a Tomasi anamusunga sabata yathunthu. Kodi gulu lathu limatani ndi mayi amene wanena kuti akukayika?
3. Ndi mantha ati amene amayi a m'dera lathu amachita manyazi kuwatchula ku tchalitchi? Amapita nawo kuti?
4. Tingamuyankhe bwanji mwachikondi munthu amene akuti kumwa mankhwala kapena kuyezetsa n'kusowa chikhulupiriro?
5. Ndani amene sitinamuone pa msonkhano mwezi uno? Ndani mwa ife apite kwawo, ndipo apite liti?

Pemphero

Ambuye Yesu, Inu mumadziwa kugunda kwa mitima yathu, pakuti nanunso munavutika m'munda muja. Tabwera ndi mantha athu ndi mafunso athu osabisa kanthu. Musatisiye tokha m'ngalawa. Tipatseni mphamvu yochita lero chimene mwatilamula, ngakhale mawondo akunjenjemera. Sungani ana athu ndi amuna athu amene ali kutali, chizani odwala, tonthozani olira, ndipo pangani gulu lathu kukhala nyumba imene mayi wamantha angalowemo osachita manyazi. Tapempha m'dzina lanu. Amen.